Kodi ndisiye choko ndiwoloke nyanja kukalalikira?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale wa m'boma la Nkhotakota, yemwe wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti: "Abusa, ndine bambo wa ana atatu, ndaphunzitsa zaka 11. Kwa zaka ziwiri tsopano mtima wanga sukukhazikika. Kukacha bwino ndikaima pagombe n'kuona mapiri a ku Mozambique, ndimamva ngati Mulungu akundiuza kuti ndiwoloke ndikalalikire kumeneko. Mlaliki wina amene anabwera kumsonkhano wachitsitsimutso anandiloza pagulu n'kunena kuti ndisiye ntchito mwezi womwewo, Mulungu adzandidyetsa monga anadyetsera Eliya. Mayi akunyumba akukana, akuti ana adya chiyani. Ndidziwa bwanji kuti ndi Mulungu akundiitana? Nanga kuzengereza kwangaku si kuchepa kwa chikhulupiriro?"

Aphunzitsi, kalata yosiya ntchitoyo musalembe. Ngati mwalemba kale, iikeni pansi pa sutikesi, isafike m'manja mwa ahedi mwezi uno ngakhale wamawa. Ndayamba ndi zimenezi dala, popeza ena amawerenga ndime yoyamba yokha n'kupita kukachita zomwe anaganiza kale.

Musamve ngati ndikuti Mulungu sakukuitanani ayi. Chinthu chimene chakhala mumtima zaka ziwiri osazilala sichofanana ndi kutentha kwa usiku umodzi wa chitsitsimutso, kumene kumatha mahema akangozulidwa. Ine ndikuchilemekeza. Vuto langa lili pa njira imene mwauzidwa kuti muchiyesere. Mwauzidwa kuti umboni wa chikhulupiriro ndi kutaya malipiro. Ndatumikira mipingo ya m'mbali mwa nyanja ino zaka zambiri ndisanapume kuno ku Salima, ndipo ndaona anthu angapo akuyesa maitanidwe awo mwa njira imeneyo. Ena anabwerera patatha miyezi isanu, ali ndi ngongole ya katapila, mkazi atabwerera kwawo, ndipo choipitsitsa, atakwiyira Mulungu pa lonjezo limene Iye sanapereke.

Tiyeni titsegule Machitidwe a Atumwi mutu 13. Paulo uja anaona kuwala panjira ya ku Damasiko, anamva mawu ndi makutu ake, chinthu chimene inu ndi ine sitinachione. Koma sanakwere chombo mawa lake kupita ku Kupro. Yekha akutiuza mu Agalatiya kuti panapita zaka zitatu asanakaonane ndi Petro ku Yerusalemu. Kenako anakakhala kwawo ku Tariso mpaka Barnaba anachita kukamufuna, ndipo awiriwo anaphunzitsa mumpingo wa ku Antiokeya chaka chathunthu. Pamenepo ndiye Mzimu analankhula. Analankhula kwa yani? Kwa mpingo uli pamodzi, ukupembedza ndi kusala kudya, kuti uwapatule awiriwo. Mpingo unawasanjika manja n'kuwatumiza, ndipo atabwerako anadzafotokoza kumpingo womwewo zimene zinachitika. Timoteo nayenso Paulo sanangomutola. Mutu 16 ukuti abale a ku Lustra ndi Ikoniyo anamuchitira umboni wabwino.

Ndiye funso langa loyamba kwa inu ndi ili: kumpingo kwanu akuti chiyani? Sindikunena mlaliki wodutsa uja. Iyeyo sakukudziwani, sadziwa ngati mumabweza ngongole, sadziwa mmene mumalankhulira ndi mayi akunyumba chitseko chikatsekedwa, ndipo ufa ukadzatha m'thumba sadzakhalapo. Foni yake idzakhala ikungoitana. Ndikunena abusa anu, akulu a mpingo, amayi aja amene amakuonani Lamlungu lililonse. Kodi alipo amene anakuuzanipo, inu musanayambe nkhaniyi, kuti muli ndi mphatso yofikira anthu akunja kwa mpingo? Kodi pali munthu mmodzi m'mudzi wozungulira sukulu yanu amene anayamba kupemphera chifukwa cha kucheza nanu? Munthu amene sanalankhulepo za Yesu ndi msodzi wa pafupi ndi nyumba yake sasintha chifukwa chowoloka madzi. Nyanja sisambitsa manyazi.

Za Eliya ndingonena pang'ono, chifukwa nkhaniyi imagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri pamisonkhano. Makwangwala anamudyetsadi pamtsinje wa Keriti. Koma werengani 1 Mafumu 17 mpaka pansi. Mtsinjewo unaphwa. Ndipo Baibulo silitchula mkazi kapena ana atatu amene anakhala naye pamenepo kudikira makwangwala. Mtsinje utaphwa, Mulungu anamudyetsa kudzera mwa munthu, mayi wamasiye wa ku Zarefati wokhala ndi kaufa kotsalira m'mbiya. Kawirikawiri chakudya cha mtumiki chimadzera m'manja mwa anthu otchulika maina, ndipo si tchimo kufunsiratu kuti anthuwo ndi ati.

Pali nkhani ina imene alaliki a "siyani zonse" saikonda, koma kwa ife a kunyanja imamveka bwino. Pa Marko 5, munthu uja amene anatulutsidwa ziwanda anapempha Yesu kuti alowe naye m'ngalawa awoloke limodzi. Pempho labwinotu. Yesu anakana, namuuza kuti apite kwawo kwa abale ake akafotokoze zimene Ambuye anamuchitira. Munthuyo anamvera, ndipo analalikira m'dera lonse la Dekapoli. Anaitanidwadi, koma osati kumene mtima wake unkaloza. Nthawi zina kuitanidwa kumakhala koona, adiresi ndiyo timadzilembera tokha.

Tsopano za mayi akunyumba, pamene ndikuona kuti pali mutu weniweni wa nkhani yanu. M'kalata mwanu mwawaika ngati chopinga. Ine ndikuwaona ngati mboni yoyamba imene Mulungu anakupatsani. Funso lawo lakuti ana adya chiyani si la munthu wosakhulupirira; ndi funso la munthu amene amatsegula thumba la ufa tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa kuti limatha pa deti yanji. Paulo yemweyo, mmishonale wamkulu, analembera Timoteo kuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro (1 Timoteo 5:8). Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo ndi Korbani, choperekedwa kwa Mulungu, pofuna kuthawa udindo wothandiza makolo. Ndipo onani kachinthu kamene Marko analemba pa ana a Zebedayo: atasiya makoka, bambo wawo anatsala m'ngalawa pamodzi ndi antchito olembedwa. Inu amene mumaona chilimira chikukokedwa mukudziwa tanthauzo lake. Mkuluyo sanasiyidwe yekha ndi khoka. Alovi analipo, usodzi unapitirira.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Inu mwathamanga kale zaka ziwiri mumtima mwanu, pamene mayiwo angomva kuti mawa tikusamuka. Khalani nawo pansi, osati kuti muwagonjetse ndi mavesi, koma muwafunse chimene akuopa, chimodzichimodzi. Mwina ndi sukulu ya ana, poti kutsidyako amaphunzira m'Chipwitikizi. Mwina ndi amayi awo okalamba, kapena munda wa mpunga umene anaulimbikira. Mwina, ndipo izi zimachitika, akudziwa za inu chinachake chimene inu simuchiona, monga chizolowezi choyamba zinthu ndi moto n'kuzisiyira panjira. Ndiponso ngati ukwati wanu ndi wa mwambo wathu wa Chichewa, mukudziwa kuti ana simungangowanyamula kupita nawo dziko lina ankhoswe ndi atsibweni awo osamva. Ine ndinaona kuti Mulungu akaitana munthu wapabanja, amakhala ndi njira yake yofikira mnzakeyo, pa nthawi yake. Mukayamba kukoka ndi mphamvu, mwayamba ntchito imene si yanu.

Nanga kukhulupirira Mulungu n'chiyani, ngati si kulumpha osayang'ana? Pa Luka 10 Yesu anatuma ophunzira opanda thumba la ndalama, opanda kamba. Pa Luka 22 anawakumbutsa za ulendo umenewo, anavomera kuti sanasowe kanthu, kenako anawauza kuti tsopano amene ali ndi thumba alitenge. Ambuye yemweyo, malangizo awiri, nyengo ziwiri. Ndi Iye amene anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Ndipo amene anapereka maganizo odziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, ati angelo akuwakha, anali Satana, vesi lili pakamwa. Paulo ku Korinto ankasoka mahema ndi Akula ndi Priskila, ndipo Afilipi ankamutumizira thandizo kangapo. Sanachite manyazi ndi chilichonse mwa ziwirizi.

Koma ndikanama ndikakusiyani ndi maganizo oti mukawerengera bwino zonse ndiye kuti mwatetezeka. Inu muli ku Nkhotakota. Tsiku lina mukapita paboma, lowani m'tchalitchi cha All Saints cha Anglican. Mmenemo muli manda a Bishopu Chauncy Maples. Munthu ameneyu anatumikira mu Africa pafupifupi zaka 20. Mu 1895 anadzozedwa ubishopu ku London, ndipo akubwerera kudzayamba ntchito yake ku Likoma, bwato lake linagubuduzika ndi namondwe m'mwezi wa September chaka chomwecho, kuno kumbali ya Salima. Anamira asanafike n'komwe pampando wake. Nkhani imati mkanjo wake unamulemera m'madzi. Wansembe Arthur Fraser Sim, amene anayamba mishoni ya Nkhotakota mu 1894, m'tauni imene inali doko lalikulu la malonda a akapolo pansi pa a Jumbe, anamwalira mu 1895 momwemo, atangogwira ntchito chaka chimodzi. Ku Cape Maclear, amishonale a Livingstonia anafika mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, manda a amishonale atayamba kale kundanda.

Kodi anthu amenewa anali ochepa chikhulupiriro? Kapena Mulungu sanawaitane? Ayi. Anaitanidwa, anatumidwa ndi mipingo yawo mwadongosolo, anakonzekera mmene akanathera, ndipo anafabe. Ichi ndicho chimandivuta ndi ulaliki umene munamva uja. Umagulitsa chikhulupiriro ngati inshulansi: iwe siya ntchito, Mulungu akubwezera kawiri. Tsiku limene mwana adzatenthe thupi usiku kutali ndi chipatala, chikhulupiriro chotere chimasweka ngati mphika wosawotcha. Kukhulupirira kumene ndinakuona mwa atumiki okhalitsa n'kwina. Amapita atachita zonse zimene munthu wanzeru angachite, akudziwa kuti Mulungu sanalonjeze kuti adzaona zipatso, kapena kuti adzabwerako, koma kuti adzakhala nawo.

Ndikuuzeni zanga pang'ono. Ndili mlaliki wachinyamata, ndinatumizidwa kumudzi wina wa asodzi kumene Akhristu tinalipo ochepa, anthu ambiri anali Asilamu. Kandalama kamene ndinalonjezedwa pamwezi kanasiya kubwera miyezi itatu yotsatizana. Kumene kankachokerako kunali mavuto awo. Mayi akunyumba anayamba kusinja chinangwa chimene ankapatsidwa akathandiza kusenda kwa anzawo, tikudya kondowole wa ndiwo za chigwada tsiku ndi tsiku. Ine ndinkapemphera mokweza kuti kumwamba kutseguke, ndikuyembekeza envulopu. Madzulo ena kunabwera bambo wina woyandikana nafe, Msilamu wa kapu yoyera pamutu, yemwe ndinali ndisanalowepo m'nyumba mwake chifukwa ndinkamuona ngati munda wokalimamo osati mnansi. Anaima pakhomo ndi mbale ya usipa wauwisi yovindikira ndi tsamba la nthochi, n'kunena kuti, "Abusa, utsi wa pakhomo pano sukununkhira ndiwo masiku ano." Anaika mbaleyo pakhonde n'kumapita, osadikira zikomo. Anachita zimenezi kangapo. Ndipo mwana wathu woyamba atadwala malungo usiku, ndi njinga ya bambo yemweyo imene inanyamula mayi ndi mwana, iye akukankha mumchenga, ine ndikuthamanga pambuyo ndi nyali. Bamboyo sanatembenuke mtima. Anamwalira ali Msilamu, ndipo ndinapita kumaliro ake. Koma khwangwala wanga anali iyeyo, ndipo anandiphunzitsa kulowa m'mudzi wa eni ngati mlendo wofuna thandizo, osati ngati bwana wobweretsa katundu. Onaninso kuti njala ija inatipeza ngakhale ndinali wotumidwa ndi mpingo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinali ndi kolembera kalata, ndipo pamapeto pake anthu anabwera kudzationa. Wodzituma yekha alibe komwe angadandaule.

Chinthu china chimene mlaliki uja sanachione: choko chimene akuti mutaye ndicho chida chachikulu chimene muli nacho. Uthenga Wabwino m'dziko muno unayenda ndi aphunzitsi kuposa mmene unayendera ndi azungu. Mzungu ankakhala pamishoni, mphunzitsi ndiye ankagona m'mudzi, kuphunzitsa a, e, i, o, u m'mawa, katekisimu madzulo. David Kaunda, bambo wake wa Kenneth Kaunda, anali mphunzitsi wochokera kuno amene mishoni ya Livingstonia inamutuma kwa Abemba ku Chinsali, ndipo ntchito ya ku Lubwa inamera pa maziko ake. Leonard Kamungu, Mnyanja wobadwira kutsidya komwe mukuyang'anako, anatumikira kuno kwathu, anadzozedwa unsembe mu 1909, kenako anatumidwa ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Onsewa anapita ndi luso m'manja ndi mpingo kumbuyo. Ngakhale A.C. Murray, amene pamodzi ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, anafika chaka cham'mbuyo mwake nayamba wakhala ndi amishonale a Livingstonia kumpoto, kuona mmene anzake akuchitira, asanakhome chikhomo chake m'dziko la Chiwere.

Dzina la Kamungu likukumbutseninso kuti kutsidyako simukapititsa Mulungu kumene sanafikeko. Gombe la Niassa, ku Cobue, ku Messumba, ku Metangula, lamva Uthenga kuyambira zaka za m'ma 1880, masiku a William Percival Johnson amene anayenda m'midzi imeneyo zaka zoposa 40 ngakhale maso ake anali ataonongeka. Kuli mipingo, kuli atsogoleri awo. Kuli ntchito yambiri ndithu, makamaka kumidzi yakutali ndi pakati pa Ayao, koma mlendo wanzeru amayamba wafunsa eni mudzi kuti mukufuna thandizo lanji. Mwina adzakuuzani kuti alaliki ali nawo, chimene akusowa ndi munthu wophunzitsa akuluakulu kuwerenga kuti azitha kutsegula Baibulo okha. Pamenepo zaka zanu 11 za m'kalasi zidzakhala za golide.

Ndiye chitani motere. Pitani kwa abusa anu sabata ino, muwauze zonse monga mwandiuzira ine, ndipo mupemphe kuti nkhaniyi ifike kubwalo la akulu a mpingo. Apempheni akupatseni ntchito yovuta pafupi pompano kwa chaka chimodzi: kagulu ka mapemphero kudoko la asodzi, kumene anyamata amagona masana n'kupita panyanja usiku, kapena mudzi umene mpingo wanu unaulephera. Ntchito yopanda maikolofoni, yopanda wokuomberani m'manja. Ngati pakutha pa chaka mtima ukadali woyaka, ndipo anthu akuona chipatso, mwapeza yankho lolimba kuposa loto lililonse. Pa tchuthi chachitali, wolokani kwa milungu iwiri kapena itatu, mwatumidwa ndi kalata ya mpingo wanu kupita kumpingo wa kumeneko, mapepala a boma ali m'manja. Kulowa dziko la eni mozemba usiku si chikhulupiriro, ndi mlandu. Ulendo wachiwiri mutenge mayi akunyumba akaone okha msika, chitsime, chipatala ndi sukulu. Chinyanja cha kugombe mudzamvana nacho, koma yambani kuphunzira Chipwitikizi, ndi Chiyao ngati mtima ukukokerani kwa Ayao. Munthu amene akuti ndi wokonzeka kufera anthu koma sangapirire kuloweza mawu khumi a chiyankhulo chawo patsiku, ine ndimamukayikira.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Lembani papepala zimene banja lanu limadya pamwezi, fizi, sopo, mankhwala, ulendo wobwera kumaliro kuno kwanu, chifukwa maliro adzachitika ndithu. Kenako funsani mpingo kuti ungathe zingati, kwa zaka zingati, ndipo zilembedwe m'buku la msonkhano, osati kungolonjezana pakhonde la tchalitchi. Ngongole za kubanki m'khonde ndi zina zonse mubweze musananyamuke. Mmishonale wothawa ngongole amatseka makutu a anthu kumene wachoka ndi kumene akupita. Kafunseninso kuofesi ya zamaphunziro ya boma lanu za malamulo a tchuthi chosalipidwa ndi za penshoni yanu, mumve kuchokera kwa eni ake zimene mungataye ndi zimene mungasunge. Ngati mpingo wanu uli ndi sukulu ya ubusa kapena ya utumwi, funsani za maphunziro. Changu chopanda chiphunzitso chabala timipingo tambiri ta munthu mmodzi m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo sitikusowa kena.

Zikhoza kutheka kuti pakutha pa zonsezi mpingo udzati dikirani, kapena mayi akunyumba adzakanabe. Zidzakupwetekani. Mpingo nawo umalakwitsa, sindikubisirani. Ndinaonapo akulu akukaniza mnyamata chabe chifukwa ankawathandiza kulemba malipoti ndipo sankafuna kumutaya. Zikatero musapanduke, koma musatayenso nkhaniyo. Pemphani zifukwa, funsaninso chaka chamawa, lankhulani ndi mtumiki wina wachikulire wa kunja kwa mpingo wanu wapamalo. Kuitana kochokera kwa Mulungu sikuola chifukwa chodikira. Mose anadikira zaka 40 akuweta nkhosa za mpongozi wake.

Ndipo mukadzati muwoloke pa tchuthi chija, kumbukirani kuti August mwera umakhala usanaleke. Kuwoloka kuchokera ku Likoma kupita ku Cobue ndi ulendo waufupi pamadzi kusiyana ndi kudula nyanja yonse pabwato laling'ono. Mwini bwato akayang'ana kumwera n'kunena kuti lero sitipita, musamuwerengere vesi la Yesu akudzudzula namondwe. Tsitsani chikwama chanu, mugone, mudzafunsenso m'mawa. Mukabwerako mundilembere, ndipo kalata imeneyo ndikufuna mudzalembe awiri ndi mayi akunyumba.